Kuphunzira biomedical engineering pa yunivesite: zoyenera kuchita kuyambira ku sekondale mpaka kumaliza digiri

Biomedical engineering ndi uinjiniya wa zipangizo zam'chipatala. Wotenga kosi imeneyi amaphunzira kupanga, kuika, kuyesa ndi kukonza makina amene madokotala ndi anamwino amadalira tsiku ndi tsiku: opereka mpweya wa okosijeni, ofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, ojambula m'thupi, oyeza magazi ku labu, ndi ophera tizilombo pa zida za ku fiyeta. Kuno ku Malawi digiri yake imapezeka ku MUST, m'boma la Thyolo, ndi ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, sukulu imene ambiri timangoitchabe kuti Poly. Maphunzirowa ndi a zaka zisanu. Malangizowa ndalembera inu amene mukuganiza zosankha kosiyi, komanso inu amene mwalowa kale koma simukuona bwino kumene njira ikulowera. Kalasi yokha sidzakupangani injiniya wa chipatala. Pamafunika masamu olimba, manja ozolowera zipangizo, ndi nthawi yokwanira m'wodi, ndipo zitatuzi muyenera kuzisaka nokha, mwadala, kuyambira pachiyambi.

1. Dziwani kaye chimene mukusankha

Achinyamata ambiri amalemba kosiyi chifukwa mtima unali pa udokotala, ndiye amaiona ngati khomo lina lolowera komweko. Si choncho ayi. Udokotala, unamwino ndi zamankhwala ndi za ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Inu simudzalembera wodwala mankhwala kapena kumubaya jakisoni, ndipo makolo anu amve zimenezi momveka bwino musanatumize fomu, asadzadabwe pakutha pa zaka zisanu. Nthawi yanu yambiri idzathera pa masamu, zamagetsi, zojambula ndi kompyuta. Za thupi la munthu mudzaphunzira zokwanira kuti mumvetse chimene makina akuyeza kapena akuthandiza.

Dziyeseni motere. Pa holide pitani ku chipatala cha boma chimene mwayandikana nacho, mukapemphe kwa oyang'anira kuti akuloleni kucheza ndi anthu a ku maintenance tsiku limodzi kapena awiri, ndipo akuonetseni kumene amaunjika makina akufa. Zipatala zambiri zili nako. Kafukufuku wa akatswiri a ku Duke University ku America, wofalitsidwa mu 2011, anawerenga zipangizo zoposa 100,000 m'zipatala za mayiko osauka ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 mwa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zikuluzikulu zinali kusowa kwa anthu ophunzitsidwa, kusowa kwa dongosolo losamalira zipangizo, ndi mavuto a pamalo monga a magetsi. Mukaima pakati pa makinawo, dzifunseni moona mtima. Ngati manja akukuyabwani kufuna kutsegula amodzi kuti muone chimene chinafa, kosiyi ndi yanu. Ngati maso akungothawira kwa odwala ali pakhonde, lingaliraninso, pakuti zaka zisanu n'zambiri kuti muzithere pa chinthu chimene simuchikonda.

2. Mangani maziko mukadali ku sekondale

Kuti mayunivesite a boma akuganizireni, pa MSCE pamafunika makirediti osachepera asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi. Koma ku uinjiniya kungokhoza sikukwanira. Malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri, ndipo magiredi a Masamu, Physics, Chemistry ndi Biology ndi amene amakunyamulani. Choncho posankha maphunziro ku Fomu 3 musasiye ngakhale limodzi mwa anayiwa. Ngati pasukulu panu amaphunzitsa Additional Mathematics, itengeni ngakhale anzanu akuithawa, chifukwa zimene zili mmenemo ndi zomwe zidzakulonjereni semesita yoyamba.

Pa Masamu, limbikirani algebra, trigonometry, ma logarithm ndi magirafu mpaka muzizichita osasuzumira m'buku. Ambiri amene amagwa calculus ku yunivesite sagwetsedwa ndi calculus yeniyeniyo. Amagwa chifukwa dzanja limachedwa posanja equation kapena pophatikiza ma fraction. Pa Physics, mitu ya magetsi, mafunde, kuwala ndi pressure ndi imene mudzakhale nayo moyo wanu wonse wa ntchito. Chingerezi nacho musachipeputse, poti mabuku a makina ndi malipoti onse adzakhala m'chinenero chimenecho.

Inu a ku CDSS kopanda labu, musafooke. Pemphani aphunzitsi akonze zokachita ma practical ku sekondale yoyandikana nayo, sakani mapepala akale a MANEB, ndipo wailesi yakufa kapena tochi yowonongeka pakhomo muziitsegula n'kuona m'kati mwake. Kwa inu atsikana, wina asakunamizeni kuti izi n'za amuna. Amene anayambitsa bungwe la Rice 360 la ku Rice University ku America, limene lathandiza kwambiri kukweza maphunzirowa kuno, ndi amayi awiri, a Rebecca Richards-Kortum ndi a Maria Oden, ndipo a Theresa Mkandawire anatsogolerapo gawo lonse la uinjiniya ku Poly.

3. Lembani fomu mosamala, ndipo konzekerani ndalama

Kusankha ophunzira a mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Chilengezo chikatuluka, werengani zofunika pa kosiyi za chaka chimenecho mzere ndi mzere, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene analemba zaka zapitazo. Ngati mwatsimikiza, lembani kosiyi ku masukulu onse awiri, ndipo malo otsalawo muikepo makosi oyandikana nayo monga electrical kapena electronics, chifukwa amene aphunzira zimenezo amathanso kudzagwira ntchito ya zipangizo zachipatala. Amene muli kale ndi dipuloma ndipo mwagwirapo ntchito, yang'anirani zilengezo za mature entry, njira yolowera anthu otere.

Mukasankhidwa, pemphani ngongole ku HESLGB, bodi yopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, nthawi isanathe ngati kwanu sangakwanitse fizi. Kumbukirani kuti ndi ngongole, idzabwezedwa. Pa bajeti yanu muikepo laputopu. Isakhale yodula, yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi batire labwino ndi yokwanira, ndipo batirelo ndi lofunika kuposa kukongola kwake, poti magetsi akathima asayimenti siidikira.

4. Zaka ziwiri zoyambirira: gwirani masamu ndi manja awiri

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Munthu amafika akuyembekezera makina a X-ray, koma amapeza calculus, physics, chemistry, zojambula za ainjiniya ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kenako ma circuit, electronics, mechanics, ma differential equation, pamodzi ndi anatomy ndi physiology. Musaganize kuti izi n'zongodutsamo kuti mukafike ku zenizeni.

Taonani ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima. Mtima ukamagunda umatulutsa magetsi ochepetsetsa, pafupifupi millivolt imodzi pakhungu. Magetsi a ESCOM ndi a 230 volts ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Mawaya a m'khoma amathira phokoso la 50 Hz limeneli m'mawaya a ECG, mpaka mzere wa mtima kusokonekera. Kuti mulekanitse ziwirizi mufunika amplifier yoyenera ndi fyuluta yochotsa 50 Hz, ndipo kuti mupange zimenezo mufunika masamu a Fourier ndi Laplace, omwewo amene mukuona ngati chilango lero. Chimodzimodzinso, equation imene imafotokoza mmene capacitor imatayira magetsi ndi imene imafotokozanso mmene mankhwala ambiri amachepera m'magazi pakapita maola.

Masamu amalowa ndi pensulo. Tsiku limene mwaphunzira mutu, madzulo ake chitani mafunso angapo a mutu womwewo, buku la mayankho lili chitsekere. Pangani gulu la anthu atatu kapena asanu, koma lamulo likhale lakuti aliyense ayambe wayesa yekha, kenako afotokoze pa bolodi mmene wachitira. Gulu limene mmodzi amachita ena n'kumakopera limapha anthu pa mayeso. Ma asayimenti ndi mayeso apakati pa semesita amalowa m'magiredi omaliza, choncho musasewere nawo podalira kudzawerenga usiku wonse kumapeto. Mukaona kuti phunziro lina likukukanikani, pitani kwa a lekichala m'masabata oyambirira omwe, musadikire sapu, mayeso obwereza mukalephera. Kupita ku ofesi kukanena kuti "Pepani aphunzitsi, apa sindinamve" si manyazi. Ndipo ngati chikukuvutani ndi njala, fizi kapena nkhawa, ofesi yoona za ophunzira ilipo chifukwa cha zimenezo. Ambiri amene amawidedwa, kapena kuti kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, si opanda nzeru. Anangosenza vuto okha mpaka nthawi inatha.

Anatomy ndi physiology muziphunzire ngati injiniya. Pa chiwalo chilichonse funsani kuti: chimayezedwa n'chiyani, mlingo wabwino ndi uti, ndipo ndi makina ati amene amayeza? Mtima wa munthu wamkulu akapuma umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi. Mwana wakhanda ayenera kutentha pakati pa 36.5 ndi 37.5 digiri. Mwana amene okosijeni wa m'magazi ake watsika kufika pansi pa 90 peresenti amafunika kupatsidwa mpweya. Manambala otere muziwalemba m'kope limodzi. Ndi amene adzakuuzeni ngati makina akunena zoona.

Za kompyuta musadikire kalasi. Python ndi yaulere, ndipo C mudzaifuna pa Arduino, kabolodi kamagetsi kolemberapo mapulogalamu. Ngati mulibe MATLAB, Octave imachita zambiri zofanana nayo. KiCad yojambulira ma circuit, LTspice yoyesera, ndi FreeCAD yojambulira zigawo za makina, zonsezi n'zaulere. Zikopereni pa Wi-Fi ya pasukulu n'kuzisunga, kuti muzigwira ntchito ngakhale bando itatha.

5. Zoloweretsani manja

Gulani zida zanu pang'onopang'ono: multimeter yoyezera magetsi poyamba, kenako masikuludilaiva, pulayala, chowotcherera mawaya, breadboard ndi Arduino imodzi. Mukhoza kusonkherana ndi mnzanu. Ku MUBAS ndi ku MUST kuli ma design studio amene anakhazikitsidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku Houston, okhala ndi ma 3D printer ndi zida zina zopangira zinthu. Musadikire chaka chomaliza kuti mukapondeko. Pitani m'chaka choyamba, mukadzipereke kuthandiza a chaka chachinayi ndi chachisanu pa mapulojekiti awo, ngakhale ntchito yake ikhale yodula mawaya.

Semesita iliyonse pangani kanthu kamodzi kogwira ntchito. Yambani ndi choyezera kutentha cholira alamu. Kenako choyezera kugunda kwa mtima pachala pogwiritsa ntchito kuwala. Mukafika pomvetsa chifukwa chake pulse oximeter, yoyezera okosijeni m'magazi pachala, imagwiritsa ntchito kuwala kwa mitundu iwiri, kofiira kwa 660 nm ndi infrared ya 940 nm, popeza magazi odzaza okosijeni ndi osadzaza amamwa kuwalako mosiyana, ndiye kuti physics, electronics ndi physiology zayamba kulumikizana m'mutu mwanu.

Amisiri okonza mawailesi, ma TV ndi mafoni m'misika ya Limbe, Ndirande kapena Lilongwe musawaderere. Ambiri a iwo amapeza capacitor yotupa kapena powotcherera pothyoka mofulumira kuposa womaliza digiri. Pa holide pemphani kukhala pabenchi ya mmodzi wa iwo. Inu mudzamvetsa chifukwa chake chinthu chafa, iwo adzakuphunzitsani kuchipeza.

Pali malamulo a chitetezo amene sindifuna kuti muwaphunzire mutavulala. Zulani pulagi musanatsegule chilichonse. Capacitor yaikulu imasunga magetsi ngakhale makina atazimitsidwa, ndipo ya mu defibrillator, makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi, ikhoza kupha. Iyezeni ndi kuitaya magetsi motsatira buku la makinawo. Circuit imene mwapanga nokha, monga ya ECG, isakhudze thupi la munthu ili yolumikizidwa ku magetsi a m'khoma, ngakhale kudzera pa laputopu imene ili pa chaja. Gwiritsani ntchito mabatire okha. Magetsi ochepa kwambiri, amene simungawamve n'komwe pakhungu, akhoza kusokoneza mtima ngati apeza njira yofikira kumtimako, ndipo ndi chifukwa chake zipangizo zachipatala zili ndi muyezo wakewake wa IEC 60601.

6. Atachimenti: apa ndi pamene mudzakhale injiniya wa chipatala

Atachimenti ndi nthawi imene sukulu imakutumizani kukaphunzira pamalo a ntchito. Yambani kusaka malo miyezi ingapo nthawi isanakwane. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi makina ambiri ndi mawekishopu a nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yoona za zipangizo, yotchedwa PAM. Zipatala za maboma ndi za CHAM zili ndi makina ochepa, koma kumeneko amakulolani kugwira zambiri ndi manja anu. Makampani ogulitsa ndi kukonza zipangizo amakuonetsani makina a labu ndi ojambula. Ngati mungathe, lawani mitundu iwiri pa zaka zanu, ndipo holide ina mudzipereke mwaulere ngakhale sukulu sinakutumeni. Musanapite, funsani za katemera wa hepatitis B.

Mukafika, dziwani kuti amene adzakuphunzitseni ambiri ndi matekinishani okhala ndi satifiketi kapena dipuloma, amene akhala akukonza makinawo zaka zambiri. Apatseni ulemu wawo wonse. Wophunzira wobwera ndi mtima wakuti "ine ndi wa digiri" amatha miyezi yonse akungonyamula bokosi la zida. Polowa m'wodi, yambani mwaonekera kwa asisitala oyang'anira wodiyo, mupereke moni, munene dzina lanu ndi chimene mwabwerera. Musachotse makina pa wodwala namwino asanavomere. Musajambule odwala, ndipo zimene mwaona m'wodi zisafike pa WhatsApp.

Makina aliwonse ochokera m'wodi muziwatenga ngati ali ndi matenda. Valani magolovesi, apukuteni ndi mankhwala ovomerezeka musanawatsegule, makamaka makina oyamwa zamadzimadzi m'thupi, ndipo sambani m'manja mukamaliza.

Phunzirani kufufuza vuto mwadongosolo, kuyambira pa zophweka. Funsani namwino kuti makinawo anachita chiyani, liti, ndipo panachitika chiyani asanayambe kuvuta. Safunsa anadya phula, ndipo yankho lake nthawi zambiri limakufupikitsirani ntchito. Kenako yesani soketi, chingwe, pulagi, fyuzi, batire, mapaipi ndi mafyuluta. Bolodi ya electronics ikhale yomaliza kuiganizira. Pa makina opatsidwa ngati mphatso, werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalumikize, chifukwa ochokera ku America ambiri ndi a 110 mpaka 120 volts, ndipo kuwaika pa 230 volts popanda transformer n'kuwawotcha nthawi yomweyo.

Ndikanati ndisankhe makina amodzi oti muwadziwe bwino kuposa ena onse, ndikanasankha oxygen concentrator, makina opereka mpweya wa okosijeni. Amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse, amawonongeka kawirikawiri, ndipo ana odwala chibayo ndi makanda ambiri amadalira iwowo. Tonse tikukumbukira mmene mpweya unasowera m'zipatala kumayambiriro kwa 2021, nthawi ya Covid-19. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti yokha, ndipo 78 peresenti ndi nitrogen. Kompuresa imakankhira mpweyawo m'mitsuko iwiri yodzaza ndi timibulu ta zeolite, timene timagwira nitrogen n'kulola okosijeni kudutsa, monga mmene sefa imatsalitsira misere ufa n'kudutsa. Mitsukoyo imalandizana: wina ukugwira, wina ukutaya nitrogen kunja. Makina abwino amatulutsa okosijeni woposa 90 peresenti. Adani ake ndi fumbi, chinyezi, kutentha ndi magetsi osakhazikika, ndipo zonsezi tili nazo. Choncho fyuluta yakunja ichapidwe sabata iliyonse ndi kuumitsidwa bwino isanabwezeretsedwe, makinawo atalikirane ndi khoma kuti apume, ndipo mafuta, girisi kapena moto zisayandikire. Chachikulu koposa n'chakuti concentrator ikhoza kulira bwinobwino, kampira ka flowmeter kakuyandama, koma ikutulutsa mpweya wamba. Khutu silingakuuzeni. Ilekeni iyende mphindi zingapo, kenako muyeze ndi oxygen analyser pa ma flow osiyanasiyana. Malangizo a WHO amafuna okosijeni woposa 82 peresenti; ikalephera pamenepo isabwerere kwa mwana. Mukaidziwa bwino imeneyi, pitani ku suction yoyamwa zamadzimadzi m'thupi, autoclave imene imaphera tizilombo pa 121 kapena 134 digiri, zofunditsira makanda, nyale za buluu zochizira chikasu, ndi mapampu a jakisoni.

Khalani ndi kope la ntchito, losiyana ndi lipoti la kusukulu. Pa makina aliwonse lembani mtundu, nambala yake, dandaulo, chimene mwapeza, chimene mwachita, ndi zotsatira za kuyeza mutakonza. Musabweze makina m'wodi musanayese kuti akugwira ntchito komanso kuti satayira magetsi ku chitsulo chakunja. Powabweza, tengani mphindi zochepa kuonetsa anamwino, a usiku omwe, mmene angawasamalire. Makina ambiri amafa chifukwa palibe anaphunzitsa ogwiritsa ntchito, ndipo kuphunzitsako ndi gawo la ntchito yanu.

7. Pulojekiti yomaliza ichokere m'wodi

Musatenge mutu pa intaneti. Tsegulani kope lanu la ntchito lija muone vuto limene linkabwerezabwereza, kapena funsani anamwino chimene chimawasowetsa mtendere usiku.

Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo pomwe. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa timatumba ta m'mapapo mwawo timafota. Makina a CPAP amawathandiza popereka mpweya wokankha pang'ono kuti timatumbato tisatsekeke, koma a kumayiko olemera ankagulidwa madola masauzande angapo. Ophunzira a digiri yoyamba ku Rice University, pogwira ntchito ndi madokotala ndi anamwino a ana a ku Queen Elizabeth, anapanga makina otchipa pogwiritsa ntchito mapampu a m'mathanki owetera nsomba ndi botolo la madzi. Mphamvu ya mpweya imadalira kuzama kwa kapaipi m'madzimo, masentimita angapo basi. Makinawo ndi amene lero amatchedwa Pumani. Zotsatira za kafukufuku wa ku Queen Elizabeth, zofalitsidwa mu 2014 motsogozedwa ndi Dr Kondwani Kawaza, zinaonetsa kuti ana 71 mwa 100 amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa 100 amene analandira okosijeni yekha. Pambuyo pake makinawa anafalikira m'zipatala za boma m'dziko muno, ndipo ntchito yotere ikupitirira kudzera mu NEST360, mgwirizano wa mabungwe wopititsa patsogolo chisamaliro cha makanda m'zipatala. Amene anayamba zimenezi anali a msinkhu wanu, ndipo physics yake ndi ya ku sekondale. Mphamvu yawo inali yoti anamvetsa vutolo ndi malo ake.

Tsatirani njira yomweyo. Lembani vutolo m'chiganizo chimodzi chosatchula yankho: ndani akuvutika, ndi chiyani, ndipo zikasintha tidzadziwira chiyani. Fufuzani zimene zilipo kale ndi chifukwa chake sizikugwira kuno. Kenako lembani zofunika m'manambala: chilakwitse osapitirira pati, batire likhale maola angati, mtengo usapitirire zingati, chipirire kutentha kotani, chitsukidwe ndi chiyani. Mawu akuti "chotchipa" kapena "cholimba" opanda nambala sangayesedwe. Ganizirani njira zosachepera zitatu musanasankhe imodzi. Choyamba kupanga chikhale cha makatoni ndi selotepi, mupite nacho kwa anamwino achigwire ndi kuchitsutsa, kenako mupangenso. Sankhani zigawo zopezeka mu Blantyre kapena Lilongwe; zoitanitsa kunja itanitsani msanga, chifukwa kuchedwa kwa katundu ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwagwetsa mapulojekiti ambiri abwino.

Yesani pabenchi, bwerezani kuyesako, ndipo lembani zimene mwapeza ngakhale zikhale zokhumudwitsa. Pulojekiti yaing'ono yoyesedwa moona imaposa yaikulu yongoyaka magetsi tsiku lachionetsero. Ndipo chipangizo chanu chisakhudze wodwala popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku KUHeS kapena ya dziko lonse ya NHSRC, ndi cha chipatala. Chilolezo chimatenga nthawi, choncho kambiranani ndi oyang'anira pulojekiti yanu kumayambiriro kwa chaka. Kwa ambiri, kuyesa pabenchi ndi pa zidole zophunzitsira n'kokwanira pa digiri yoyamba.

8. Konzekerani ntchito musanatuluke pageti

Ntchito ya boma siibwera yokha tsiku lolandira digiri, ndipo ena amadikira nthawi yaitali. Yang'anani mbali zonse: Unduna wa Zaumoyo, zipatala za CHAM ndi za anthu wamba, makampani ogulitsa zipangizo, mabungwe othandiza zaumoyo, malo ochitira kafukufuku monga Malawi-Liverpool-Wellcome, ngakhale kuyamba kampani yanu yosamalira makina a zipatala zing'onozing'ono. Amene mukufuna kuphunzitsa kapena kuchita kafukufuku, sungani magiredi kuyambira chaka chachiwiri, chifukwa ma scholarship a masters amayang'ana zaka zonse, ndipo University of Cape Town ndi imodzi mwa sukulu zapafupi zodziwika pa biomedical engineering.

M'chaka chomaliza pemphani makalata a umboni kwa a lekichala awiri ndi kwa amene anakuyang'anirani pa atachimenti, akadakukumbukirani bwino. Mukamaliza, kalembetseni ku Malawi Engineering Institution ngati graduate engineer, kuti zaka zimene mugwire pansi pa injiniya wovomerezeka ziyambe kuwerengedwa. Pa CV musangolemba kuti munapanga atachimenti. Tchulani mitundu ya makina amene munakonza, zida zoyezera zimene mumadziwa, ndi mapulogalamu amene mumalemba. Popita ku intavyu nyamulani kope lanu la ntchito ndi zithunzi za zimene munapanga, ndipo konzekerani kufotokoza mwatsatanetsatane zimene mungachite atakuikirani concentrator yolira alamu patebulo, kuyambira pa funso loyamba kwa namwino mpaka pa nambala ya pa analyser.